Pulogalamu yanga ya C imazungulira osaima munthu akalemba mawu m'malo mwa nambala

Mwana wa ku Lizulu analemba:

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Ndine wophunzira wa chaka choyamba pa sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo panopa ndili patchuthi kwathu ku Lizulu, kumene ndikuthandiza azakhali anga pa geni yawo yogula mbatata ya kachewere kwa alimi n'kumaigulitsa kwa anthu obwera ndi malole kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mawerengero onse azakhali amawasunga m'kope, ndipo madzulo aliwonse timakhala pansi n'kumawonkhetsa pa foni mpaka maso kuwawa. Nditaona kuti ntchitoyi ikutidyera nthawi, ndinalemba kapulogalamu m'chiyankhulo cha C, kopanda zithunzi kapena mabatani, kongoyenda pa windo lakuda lija la console. Kamafunsa chiwerengero cha matumba ndi mtengo wa thumba limodzi, kenako n'kuonetsa ndalama zoti mlimi alandire. Gawo lofunsalo lili motere:

```
int matumba;
double mtengo;

printf("Chiwerengero cha matumba: ");
while (scanf("%d", &matumba) != 1)
    printf("Mwalakwitsa, lembaninso: ");

printf("Mtengo wa thumba limodzi: ");
scanf("%lf", &mtengo);
printf("Malipiro: K%.2f\n", matumba * mtengo);
```

Ndikamalemba ine mwini zonse zimayenda bwino. Mavuto anayamba tsiku limene ndinasiyira msuweni wanga laputopu kuti azilowetsa yekha. Atafunsidwa chiwerengero cha matumba iye analemba mawu akuti khumi, ndipo sikirini inadzaza ndi uthenga wakuti "Mwalakwitsa, lembaninso" mosalekeza, osamupatsa mpata wolembanso, mpaka ndinachita kudina Ctrl ndi C pamodzi kuti iime. Tsiku lina mlimi anabweretsa matumba khumi ndi awiri ndi theka, msuweni wangayo n'kulemba 12.5. Apa pulogalamu sinadandaule konse, sinadikirenso kuti tilembe mtengo, inangoonetsa kuti mlimiyo alandire K6.00, ndipo azakhali anaseka n'kunena kuti kope lawo silinawachititsepo manyazi otere.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndiike fflush(stdin) m'kati mwa loop. Ndisanatero ndikufuna kumvetsa chimene chikuchitika kwenikweni, komanso njira yoyenera yotsimikizira kuti zimene munthu walemba ndi nambala ndithu. Ndithokoza aliyense amene angandiunikire.

Mphunzitsi wa ku Bembeke anayankha:

Achimwene a ku Lizulu, mwachita bwino kuika code yeniyeniyo, chifukwa mavuto anu awiriwa gwero lake ndi limodzi ndipo likuonekera pa mzere wa scanf. Mukamalemba pa kiyibodi, zilembo sizilowa nthawi yomweyo mu variable yanu. Zimayamba zafola pamalo odikirira otchedwa buffer, ndipo mukadina Enter, chizindikiro cha kutha kwa mzere, chimene mu C timachilemba kuti '\n', chimafola nawo kumapeto. Tsono scanf yokhala ndi %d imadumpha mipata yoyambirira, kenako imatenga zilembo chimodzichimodzi malinga ngati zikupanga nambala yathunthu, ndipo ikangokumana ndi chilembo chosayenera imaima pomwepo n'kuchisiya pamene chinali.

Ana anga a sukulu ndimawauza kuti aganizire za kuchigayo. Matumba afola pakhomo, ndipo woyendetsa chigayo wauzidwa kuti alandire chimanga chokha. Kutsogolo kwa mzerewo kwaima thumba la nyemba. Iye akulikana, koma sakulichotsa pakhomo, choncho mukamuuza kuti alandire wotsatira akupezanso thumba lomwe lija la nyemba, n'kulikananso, mpaka dzuwa kulowa. Chilembo cha k cha mawu akuti khumi ndicho thumba la nyembalo. Pochikana scanf imabweza 0, loop yanu imabwerera, ndipo scanf siidikira kiyibodi chifukwa mu buffer muli kale zilembo, ndiye imakumananso ndi k yemweyo.

Nkhani ya K6.00 ikuchokeranso pomwepo. Scanf yoyamba inatenga 1 ndi 2, inaima pa mpumiro, ndipo inabweza 1 posonyeza kuti yapeza nambala, loop n'kutha mwamtendere. Mu buffer munatsala .5, ndipo scanf yachiwiri, imene inauzidwa ndi %lf kuti ilandire nambala yokhala ndi zidutswa, inaona .5 kukhala nambala yabwinobwino, ndiye kuti theka la kwacha. Matumba 12 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 6. Kwa ine vuto lachiwirili ndilo loopsa, pakuti pulogalamu ikamazungulira aliyense amaona kuti zinthu zasokonekera, pomwe ikapereka yankho lolakwika mwakachetechete pamafunika munthu watcheru ngati azakhali anuwo kuti azindikire.

Za fflush(stdin) zija musatsatire. Malamulo a chiyankhulo cha C amalongosola ntchito ya fflush pa zinthu zotuluka, monga zopita ku sikirini kapena ku fayilo, koma pa stdin, pamene pamalowera zolemba za pa kiyibodi, sanaike chimene chiyenera kuchitika. Pa ma compiler ena akale a Windows inkachotsadi zotsala mu buffer, n'chifukwa chake nzeruyi inafala pakati pa ophunzira, koma mukapita nayo pa Linux kapena pa compiler ina mukhoza kupeza kuti sikuchita kanthu. Ngati mukufuna kuchotsa thumba la nyemba pakhomo, lichotseni ndi manja anu, powerenga zilembo zotsalazo mpaka kumapeto kwa mzere:

```
int c;
while ((c = getchar()) != '\n' && c != EOF)
    ;
```

Onani kuti c ndi int osati char, chifukwa getchar imatha kubweza EOF, chizindikiro chakuti zolowa zatha, chimene si chilembo. Mizereyi mukaiika m'kati mwa loop yanu kuzungulira kuja kutha. Komabe ndisakunamizeni, chimenechi ndi chigamba chabe, chifukwa 12.5 idzalandiridwabe ngati 12, ndipo munthu akalemba 12O ndi chilembo cha O m'malo mwa ziro, scanf idzatenga 12 n'kunena kuti zonse zili bwino.

Mayi wa ku Ntcheu Boma anayankha:

Aphunzitsi alongosola bwino gwero la vutoli, ndipo mawu awo omaliza ndiwo ndikufuna kuyambirapo. Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, ndipo pa zolemba za munthu ndinasiya kalekale kugwiritsa ntchito scanf. Chifukwa chake n'chakuti scanf imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuwerenga ndi kutanthauzira, ndiye ikalephera pakati simudziwa kuti yadya zingati ndipo yasiya zingati. Njira yodalirika ndi kulekanitsa ntchitozi. Choyamba mutenge mzere wonse umene munthu walemba monga mawu wamba, buffer itsale yopanda kanthu, kenako mzerewo muuweruze uli m'manja mwanu. Potenga mzere mugwiritse ntchito fgets, imene mumaiuza kukula kwa malo osungira. Mukaona buku lakale likuphunzitsa gets musaitenge, chifukwa ilibe malire ndipo inachotsedwa m'malamulo a C a chaka cha 2011.

```
int funsa_nambala(const char *funso, long chochepa,
                  long chachikulu, long *yankho)
{
    char mzere[64], *mathero;
    long n;
    int c;

    for (;;) {
        printf("%s", funso);
        if (fgets(mzere, sizeof mzere, stdin) == NULL)
            return 0;
        if (strchr(mzere, '\n') == NULL && !feof(stdin)) {
            while ((c = getchar()) != '\n' && c != EOF)
                ;
            puts("Mwalemba zilembo zambiri.");
            continue;
        }
        errno = 0;
        n = strtol(mzere, &mathero, 10);
        if (mathero == mzere) {
            puts("Lembani nambala, monga 12.");
            continue;
        }
        while (isspace((unsigned char)*mathero))
            mathero++;
        if (*mathero != '\0') {
            puts("Pambuyo pa nambala pali zilembo zina.");
            continue;
        }
        if (errno == ERANGE || n < chochepa || n > chachikulu) {
            printf("Lembani kuyambira %ld mpaka %ld.\n",
                   chochepa, chachikulu);
            continue;
        }
        *yankho = n;
        return 1;
    }
}
```

Ubwino wa strtol, imene imasandutsa mawu kukhala nambala yathunthu, uli pa variable imene ndaitcha mathero. Ikamaliza kuwerenga, strtol imaloza pa chilembo choyamba chimene sinathe kuchitenga. Ngati mathero akuloza pachiyambi penipeni pa mzere, ndiye kuti sinapeze nambala iliyonse, monga zimachitikira munthu akalemba khumi kapena akangodina Enter osalemba kanthu. Ngati yapeza nambala koma pambuyo pake, titadumpha mipata, patsala kanthu kena, ndiye kuti munthu walemba zinthu ngati 12.5 kapena 12O, ndipo tiyenera kukana mzere wonsewo m'malo mongotola chidutswa chimene tachimva. Anthu ambiri amathamangira atoi chifukwa ndi yaifupi, koma atoi ikapatsidwa khumi imabweza 0, ikapatsidwa 0 weniweni imabwezanso 0, ndipo palibe njira yosiyanitsira ziwirizi.

Nambala 10 imene ndaika kumapeto kwa strtol musaisinthe. Mukaika 0 pamenepo, kapena mukagwiritsa ntchito %i mu scanf, C imaona nambala yoyamba ndi ziro ngati yolembedwa m'mawerengero a zisanu ndi zitatu, moti 010 imasanduka 8. Anthu ozolowera kulemba m'makope a malisiti amakonda kuika ziro kutsogolo, choncho msampha umenewu ndi weniweni.

Pali malo awiri amene ophunzira amawaiwala kawirikawiri. Oyamba ndi pamene fgets yabweza NULL. Izi zimachitika zolowa zikatha, monga munthu akadina Ctrl ndi D pa Linux, kapena Ctrl ndi Z kenako Enter pa Windows, kapenanso pulogalamu ikamawerenga kuchokera ku fayilo imene yafika kumapeto. Mukapanda kutuluka pamenepo mudzabwerera ku matenda omwe aja ozungulira osaima, ndipo loop yanu yoyamba ija ilinso ndi vutoli ngakhale mutaiika chigamba cha aphunzitsi, chifukwa scanf ikabweza EOF yankholo silifanana ndi 1 mpaka kalekale. Achiwiri ndi mzere wotalika kuposa malo amene mwasungira. Mwana akatsamira kiyibodi n'kulemba zilembo mazana awiri, fgets imatenga 63 zoyambirira n'kusiya zinazo kuti zikayankhe funso lotsatira, ndiye tiyenera kuzitaya tokha.

Pomaliza pali malire, ndipo apa mpamene nzeru za azakhali anu zikufunika kuposa zanga. Kwa kompyuta -4 ndi nambala, 0 ndi nambala, 90000 ndi nambalanso, koma palibe mlimi amene amabweretsa matumba -4, ndipo matumba 90000 sangakwane m'lole iliyonse yodutsa pa msewu wa M1. Mawu akuti errno ndi ERANGE amangogwira nambala imene yasefukira malo a long, amene pa Windows amathera pa 2,147,483,647 pomwe pa Linux ya ma bit 64 ndi aakulu kwambiri kuposa pamenepo. Malire a geni yanu muwaike nokha. Afunseni azakhali kuti mlimi mmodzi anabweretsapo matumba angati pa tsiku lochuluka kwambiri, muwonjezerepo pang'ono, ndipo chimenecho chikhale chachikulu.

Mwana wa ku Lizulu anayankha:

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi inu mayi. Ndaika function ya funsa_nambala ndipo ndaiyesa ndi khumi, 12.5, 12O, mzere wopanda kanthu, -4 ndi zilembo zambirimbiri, ndipo zonsezi ikuzikana ndi uthenga woyenera popanda kuzungulira. Azakhali anena kuti malire a matumba akhale 500.

Koma tsopano kwabuka dandaulo lina. Ndinagwiritsa ntchito function yomweyo pofunsa mtengo, ndipo msuweni wanga atalemba 45,000, monga momwe tonse timalembera ndalama, pulogalamu inakana n'kunena kuti pambuyo pa nambala pali zilembo zina. Iye akuti pulogalamu imene siidziwa kalembedwe ka ndalama za dziko lake ndi yamwano. Ndikuganiza zongochotsa mipatuliro yonse mu mzere ndisanaupereke kwa strtol, komanso chilembo cha K ngati munthu wayamba nacho. Kodi pali choipa pamenepo? Ndipo nanga theka la thumba lija ndilitani, popeza alimi amabweretsadi matumba osadzaza?

Bambo wa ku Biriwiri anayankha:

Mwana wathu wa ku Lizulu, msuweni wanuyo akunena zoona, ndipo pulogalamu iyenera kulandira 45,000, chifukwa munthu amene wakhala akulemba ndalama motero kuyambira ku pulayimale sangasiye lero chifukwa cha laputopu. Kulandira K kutsogolo nakonso kulibe vuto. Koma kuchotsa mipatuliro yonse mwachimbulimbuli ndikukuletsani, ndipo chifukwa chake chili tsidya lina la msewu umene mukukhalawo.

Inu mukudziwa kuti kuyambira kuno ku Biriwiri kudutsa kwanu ku Lizulu, msewu wa M1 umayenda m'malire, moti kuwoloka msewu ndiye kuti mwalowa m'dziko la Mozambique, ndipo alimi ambiri a kachewere amene amagulitsa m'misika yathuyi amachokera tsidya limenelo, m'chigawo cha Angónia. Anzathuwa timalankhula nawo chiyankhulo chimodzi, koma masamu anaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo m'Chipwitikizi zizindikiro ziwirizi zimagwira ntchito mosinthana ndi kwathu. Kwa iwo mpatuliro ndiwo umalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, moti 12,5 ndi khumi ndi ziwiri ndi theka, pomwe pa masauzande amaika mpumiro kapena mpata, moti zikwi makumi anayi ndi zisanu amalemba 45.000. Tsiku lina msuweni wanu adzakopera nambala pa kapepala kolembedwa ndi mlimi wa tsidya lija. Mukachotsa mipatuliro osayang'ana, 12,5 idzasanduka 125. Mukapereka 45.000 kwa strtod, imene imawerenga nambala za zidutswa, idzakupatsani 45 n'kukhutira kuti yawerenga mzere wonse. Musayembekezere kuti C idzazindikira yokha, chifukwa pulogalamu ya C imayamba ili m'kalembedwe kamene kamadziwa mpumiro wokha monga cholekanitsa zidutswa, pokhapokha mutaitana setlocale, ndipo ngakhale mutatero mudzangosankha mbali imodzi n'kusiya inayo.

Lamulo limene ndimatsata ine ndi lakuti mpatuliro ulandiridwe pokhapokha ngati pambuyo pake pali manambala atatu ndendende, kenako mpatuliro wina, mpumiro kapena kutha kwa mzere, ndipo mpumiro ulandiridwe kamodzi kokha, pambuyo pake pakhale nambala imodzi kapena ziwiri za matambala. Mukatero 45,000 ndi 1,250,000.50 zidzalowa, pomwe 12,5 ndi 45.000 ndi 4,5000 zidzakanidwa ndipo munthu adzafunsidwa kuti alembenso. Ndi bwino kumuvutitsa ndi kulemba kawiri kusiyana n'kumuganizira chimene amatanthauza. Kuyendera mzere chilembo ndi chilembo kuti mutsimikize lamuloli ndi ntchito ya mizere yochepa, ndipo ndikusiyirani kuti muilembe nokha popeza muli pa sukulu.

Tsono pali nkhani ya double imene mwasungiramo mtengo. Makompyuta athu amasunga nambala za zidutswa motsatira muyezo wa IEEE 754 wa chaka cha 1985, umene umawerengera m'mawiriawiri, ndipo m'mawerengero amenewo 0.1 salembeka ndendende, monga momwe gawo limodzi mwa magawo atatu silithera polilemba 0.333. N'chifukwa chake 0.1 kuwonkhetsa ndi 0.2 mu double zimapereka 0.30000000000000004. Pa thumba limodzi simungaone kusiyana, koma pofananitsa ziwonkhetso ziwiri za mwezi wathunthu mukhoza kupeza pulogalamu ikukana kuti n'zofanana pamene kope la azakhali likuti n'zofanana. Chiyambire 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, kwacha imodzi ndi matambala 100, ndiye sungani ndalama zonse monga matambala athunthu, n'kugawa ndi 100 pa nthawi yoonetsa pokha. Ndikudziwa kuti pamsika tambala sagulanso kanthu masiku ano, ndipo ngati azakhali salemba matambala m'kope mwawo mukhoza kungosunga makwacha athunthu n'kukana mpumiro uliwonse, zimene n'zosavuta koposa.

Mukasankha matambala samalani ndi kusefukira, chifukwa nambala ziwiri zovomerezeka zimatha kubala yachitatu yosakwana m'malo ake. Tiyerekeze kuti mwalandira matumba 500 pa mtengo wa K60,000 thumba limodzi. Zonse ziwiri zadutsa malire anu bwinobwino, koma kuchulukitsa kwake ndi K30,000,000, ndiye kuti matambala 3,000,000,000, pomwe int, komanso long pa Windows, imathera pa matambala 2,147,483,647, amene ndi K21,474,836.47 yokha. C siidzakuchenjezani. Gwiritsani ntchito long long, imene inalowa m'malamulo a C m'chaka cha 1999 ndipo ili ndi ma bit osachepera 64, pamodzi ndi strtoll.

Za theka la thumba, yang'anani momwe azakhali amalembera m'kope. Ndikukhulupirira kuti salemba 12.5, amalemba matumba 12 ndi ndowa zakutizakuti, chifukwa pamsika zotsala timayeza ndi ndowa. Pulogalamu ifunse mafunso awiri, matumba athunthu kenako ndowa zotsala ndi mtengo wake, onse nambala zathunthu zimene function ya mayi aja ikuzidziwa kale. Ndipo musanasunge chilichonse, ionetse zonse m'chiganizo chimodzi, monga "Matumba 12 pa K45,000 ndi ndowa 2 pa K9,000, zonse K558,000. N'zoona?", chifukwa munthu akalemba 21 m'malo mwa 12 palibe strtol imene ingagwire, koma mlimi amene waima pambali akumva chiganizocho chikuwerengedwa adzagwira.

Wophunzira wa ku Linthipe anayankha:

Pepani akuluakulu kuti ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono pa zimenezi. Ndikuona kuti ntchito yonseyi ikanafupika achimwene akanalemba pulogalamuyi mu Python, chifukwa kumeneko input imabweza mzere wonse monga mawu, ndiye njira imene mayi aphunzitsa ija imabwera yokha. Mukapereka mzerewo kwa int, ndipo ngati si nambala yathunthu, monga khumi, 12.5, 12O kapena 45,000, Python imadandaula ndi ValueError, imene mumaigwira ndi try ndi except n'kufunsanso. Kusefukira kumene bambo a ku Biriwiri anenako kulibenso, popeza nambala zathunthu za Python zimakula malinga ndi kufunika kwake.

Komabe nditayesa ndinapeza kuti nakonso kuli mbuna zake. Kuyambira pa Python 3.6, imene inatuluka mu 2016, int imalandira 12_500 n'kupereka 12500. Float, yowerenga nambala za zidutswa, imalandira mawu akuti nan (chosakhala nambala) ndi inf (nambala yopanda mathero) popanda kudandaula, ndipo nan ndi yoopsa pa malire chifukwa ukaifunsa ngati ndi yochepera 1 imakana, ukaifunsa ngati ndi yoposa 500 imakananso, motero imadutsa pakati ngati mwalemba malire anu mokana zochepa ndi zochuluka. Anzanga ena amayesa mzere ndi isdigit asanausandutse, koma isdigit imakana -5 chifukwa cha kamzere kakutsogoloko, pomwe imavomera kanambala kakang'ono kam'mwamba ngati ², kamene int imakakana. Choncho malire ndi lamulo la mipatuliro muyenera kulemba nokha ngakhale mu Python.

Mayi wa ku Ntcheu Boma anayankhanso:

Mwana wa ku Linthipe wanena zoona, ndipo nkhani ya nan ikukhudzanso C, chifukwa strtod nayonso imalandira nan ndi inf kuyambira pa malamulo a 1999, chimene ndi chifukwa china chotsatira malangizo a bambo a ku Biriwiri osunga ndalama monga nambala zathunthu. Koma sindikulangiza kusintha chiyankhulo pakati pa ntchito. Mchimwene wathuyu akuphunzira C kusukulu, pulogalamu yake yatsala pang'ono kutha, ndipo zimene waphunzira pa buffer zidzamuthandiza akadzafika pa C++, kumene cin, yowerenga zolemba za pa kiyibodi, ikakumana ndi khumi imachita zofanana ndi scanf, imasiya zilembo pamzere, n'kuwonjezanso kukana kuwerenga china chilichonse mpaka mutaitana cin.clear kenako cin.ignore. Kumenekonso mankhwala ake ndi getline, kutenga mzere wonse, ndipo stoi, yosandutsa mawu kukhala nambala, ikapatsidwa 12abc imabweza 12 mosadandaula pokhapokha mutaifunsa pamene yaimira.

Pa lamulo la mipatuliro ndikusiyana pang'ono ndi bambo a ku Biriwiri pa chinthu chimodzi. Munthu akalemba 45.000 uthenga usangoti walakwitsa, chifukwa iye m'maso mwake walemba zolondola ndipo adzalembanso chimodzimodzi. Uthengawo umuonetse chitsanzo, monga "Lembani motere: 45000 kapena 45,000". Chinanso, ndaona kuti mapulogalamu otere amakula, ndipo posachedwa azakhali adzafuna kusunga manambala a foni a alimi kuti aziwatumizira ndalama. Nambala ya foni musadzaipereke kwa strtol. Manambala athu amayamba ndi ziro, monga 088 ndi 099, ndipo ziroyo adzatayika mukaisandutsa nambala yowerengera, pomwe yoyamba ndi 265 ili ndi manambala khumi ndi awiri ndipo siikwana mu int. Palibe amene amawonkhetsa kapena kuchulukitsa manambala a foni, choncho muisunge monga mawu, n'kungotsimikiza kuti zilembo zonse ndi manambala ndiponso kuti zilipo khumi.

Mwana wa ku Lizulu anayankha:

Ndathokoza nonse. Ndatsegula kope la azakhali ndipo bambo a ku Biriwiri analondola, mulibe 12.5 paliponse, muli matumba ndi ndowa, ndipo mulibenso tambala ngakhale imodzi. Choncho ndasankha makwacha athunthu mu long long, mpumiro ndikuukana kulikonse, ndipo ndalemba function ina yoyendera mzere imene imadumpha K wakutsogolo, imatsimikiza kuti mpatuliro uliwonse ukutsatiridwa ndi manambala atatu, kenako n'kupereka zotsalazo kwa strtoll. Poyesa ndinapeza kuti inkalandira ,500 ndi 1234,567, ndiye ndawonjezera kuti gulu loyamba likhale ndi nambala imodzi mpaka zitatu. Dzulo tinalowetsa alimi khumi ndi anayi ndipo chiwonkhetso chinafanana ndi cha m'kope. Pa mlimi wachisanu ndi chiwiri msuweni wanga analemba matumba 31 m'malo mwa 13, ndipo anagwira ndi azakhali pamene ndinkawerenga mokweza chiganizo chotsimikizira chija.

Chimene chatsala n'chakuti pa funso lakuti "N'zoona?" ndinaika kuti munthu alembe e kapena a, koma msuweni wanga amalemba eya, nthawi zina inde, ndipo kamodzi analemba ee. Ndikuganiza zolandira mawu onsewa m'ndandanda umodzi, ayi ndi iyayi m'ndandanda wina, n'kufunsanso pa china chilichonse. Ndikamaliza ndidzaika code yonse pano kuti muione ndisanabwerere kusukulu.